KODI MKHRISTU ALOWE M'NDALE ZA DZIKO?

Mau amene Mlembi wa Nthambi ananena kwa mamembala pa msonkhano

 Pali nkhani imene ikutidya m'nthambi muno. Ena mwa ife, makamaka akulu a mpingo ndi amayi a Mvano, aleka kufika ku misonkhano. Akuti ndale ndi zonyansa, ndipo Mkhristu ayenera kusamala za kumwamba basi. Sitiwanyoza ai, chifukwa ndale zonyansa taziona ndithu. Koma funso lawo lifuna yankho, ndipo alipo munthu wophunzira amene analifufuza m'dziko lathu lomwe lino.

Munthuyo ndi Mbusa Dr. Kenneth Ross wa mpingo wa Church of Scotland, amene anaphunzitsa za Mulungu pa Chancellor College ku Zomba kuyambira 1988 kufikira 1998. Iye anali pompano pamene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Mu 1996 anasonkhanitsa zolemba zake ndi za anzake m'buku lotchedwa God, People and Power in Malawi, ndipo mu 1998 anatulutsa lina, Here Comes Your King! Mabukuwa ali m'Chingerezi, tsono tiyesa kukupatsani mfundo zake zitatu m'chinenero chathu.

Mfundo yoyamba ndi yowawa. Dr. Ross sabisa kuti mipingo inakhala chete zaka zambiri pamene anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Akulu ali pano akukumbukira Dzeleka ndi Mikuyu. Nanga kukhala chete kuja kunapulumutsa yani? Aliyense ankati zagwera mnzanga, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene akuti salowa ndale adziwe kuti kukhala chete nakonso ndi ndale, pakuti kulimbitsa dzanja la wopondereza.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mau oona, akanenedwa poyera, ali ndi mphamvu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse. Inanena za malipiro ochepa a antchito, za sukulu zodzaza, za mavuto a m'zipatala, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Koma moto unali utagwira kale. Mu Juni atsogoleri ena a CCAP anapereka kalata yawo kwa Dr. Banda, ndipo chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, m'mene munali Akhristu, Asilamu, maloya ndi amalonda. Pa 14 Juni 1993, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, kukana tambala wakuda. Taonani, sipanafunike mfuti. Panafunika anthu opemphera amene analeka mantha.

Mfundo yachitatu ndi ya mphamvu. Wolamulira aliyense ayenera kuyankha kwa Mulungu ndi kwa anthu amene akuwalamulira. Dzina la buku lachiwiri lija litikumbutsa Mfumu imene inalowa m'Yerusalemu itakwera pa bulu, Mfumu yotumikira. Umenewo ndiwo muyeso woyesera mtsogoleri. Kodi Natani sanamdzudzule Davide? Kodi Eliya sanamtsatire Ahabu pa mlandu wa munda wa Naboti? Aneneriwa sankafuna mpando wa mfumu ai, ankafuna chilungamo cha munthu wamba.

Ife a ku Ntcheu zimenezi siziyenera kutidabwitsa. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani anakana Chitaganya, ndipo boma la Atsamunda linatumiza apolisi ku Lizulu kuti akamchotse. Amene anaima pambali pa Inkosi, nawoloka nayo malire kunka kwa Apwitikizi, anali wansembe wa Anglican, Michael Scott. Scott anapitikitsidwa, ndipo Inkosi inamwalira ku Malamulo mu 1954. Wansembe uja akanati ndale si zanga, ndani akanamdzudzula? Koma anaona nkhalamba yodwala ikuzunzidwa, ndipo chikhulupiriro chake sichinamlole kuyang'ana kumbali.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, amene munaleka misonkhano bwererani. Anthu oopa Mulungu akachoka, mipando yawo sikhala yopanda anthu, amakhalapo ndi akuba.

Chachiwiri, tikane kugulidwa. Lamulo la zipani la 2018 liletsa ofuna mipando kugawa ndalama ndi mphatso kuti apeze mavoti. Wolandira nsalu ndi sopo lero, mawa adzafunsa bwanji za mlatho wosamangidwa?

Chachitatu, tizifika ku makomiti a chitukuko, ya VDC ndi ya ADC, ndi kufunsa khansala ndi phungu kuti ndalama zabwera zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Kufunsa si mwano.

Chachinayi, ndipo ichi chikhudza ife eni ake. Tisasandutse guwa la m'tchalitchi kukhala nsanja ya chipani, ngakhale chathu chomwe. Mbusa akadzudzula atsogoleri athu tisamtche mdani, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Muyeso umene tiyesera ena tidziyesere nawonso, kuyambira pa buku la ndalama za nthambi ino, limene membala aliyense ali ndi ufulu wa kuliona.

Abale, mawa tikapita ku mapemphero, tikawauze anzathu aja mau amenewa mwaulemu, ndipo pa msonkhano ukudzawu aliyense abwere ndi mmodzi.