Mtsogoleri wa Anthu a pa Ntchito Amvere Yani?

Lero tikambirana za mabungwe a anthu a pa ntchito, amene ena amawatcha mayuniyoni. Funso lathu ndi limodzi: kodi mtsogoleri wa bungwe lotere ayenera kumvera yani, chipani cholamula kapena anthu amene anamsankha? Yankho lake tilifunafuna m'mbiri ya mzinda wa Blantyre.

Inu a ku Ndirande mukulidziŵa bwino dzina la Makata, pakuti kuli msewu wa Makata ndi dera la mafakitale la dzina lomweli. Dzinali limatikumbutsa Lawrence Makata, amene pamodzi ndi Lali Lubani anatsogolera bungwe la madalaivala lotchedwa Nyasaland African Motor Transport Workers' Union. Bungweli linalembetsedwa ku boma mu 1949, ndipo linali limodzi la mabungwe oyambirira a anthu akuda a pa ntchito m'dziko muno. Ogwira ntchito ku njanji anayambitsa lawo mu 1954, ndipo mu 1956 panabadwa bungwe lalikulu lophatikiza mabungwe otere.

Masiku amenewo dandaulo la wantchito ndi dandaulo la dziko zinali chinthu chimodzi. Malipiro ankayendera khungu la munthu, ndipo Chitaganya cha 1953 chinangowonjezera mkwiyo. Nchifukwa chake mabungweŵa anayenda limodzi ndi chipani cha Congress, ndipo mu 1960 kunachitika masitalaka ambiri, kuphatikizapo a ku njanji.

Koma ufulu utabwera mu 1964, ubwenzi uja unasanduka chingwe. Mu 1965 chipani cha Malawi Congress Party chinalamula kuti mabungwe onse a pa ntchito akhale pansi pake. Mabungwe ambiri anatha, ndipo otsalawo anangokhalapo ndi dzina lokha. Kunyanyala ntchito kunayamba kuoneka ngati kuukira boma. Chakufwa Chihana, mmodzi wa atsogoleri amene anakana kugonja, anakhala m'ndende kuchokera mu 1971 mpaka 1977 popanda kuzengedwa mlandu. Zaka zoposa 25 zinapita antchito ali chete, koma kukhala chete kwa munthu sikusonyeza kuti wakhuta.

Umboni wake unaoneka mu 1992. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma. Pa 6 Epulo Chihana, amene pa nthaŵiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la SATUCC, loimira mabungwe a antchito a kumwera kwa Africa, anamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe atangotsika m'ndege. Kumayambiriro kwa Meyi, antchito a pa fakitale yoomba nsalu ya David Whitehead, kufupi ndi Ndirande, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Anzawo a m'makampani ena anawatsatira, anthu a m'makomboni analoŵa m'misewu, masitolo anaswedwa, apolisi anaombera, ndipo pa 6 ndi 7 Meyi anthu oposa 30 anafa.

Apa ndi pamene pagona phunziro, omvera anzanga. Sitalaka imeneyi siinakonzedwe ndi bungwe lililonse, chifukwa mabungwe amene analipo anali atasiya kale kulankhulira anthu awo. Pamene pali bungwe lamoyo, madandaulo amalembedwa, nthumwi zimasankhidwa, mbali ziŵiri zimakhala pansi kukambirana, ndipo kunyanyala ntchito kumadza pomaliza njira zina zitakanika. Pamene bungwe lamangidwa pakamwa, dandaulo silifa. Limangounjikana mpaka kuphulikira pamsewu. Boma limene linatseka pakamwa atsogoleri a antchito linadzipeza lopanda wokambirana naye pa tsiku la mavuto.

Zimene zinatsatira tonse tikuzidziŵa: riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha zipani zambiri cha pa 17 Meyi 1994. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino linapereka kwa munthu aliyense ufulu woyambitsa kapena kuloŵa bungwe la pa ntchito. Lamulo la 1996 la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito linakhazikitsa bwalo lapadera loweruza milandu ya pa ntchito, ndipo bungwe la Malawi Congress of Trade Unions linakhala mutu wa mabungwe ambiri. Komabe ufulu wolembedwa m'buku ukhoza kuchepetsedwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inalola olemba ntchito kudula malipiro a wantchito amene wanyanyala masiku oposa atatu pa chaka.

Tsono kodi mabungweŵa asiye ndale? Iai. Mtengo wa chimanga, lendi ya nyumba ku Zingwangwa, ndalama ya minibasi yochokera ku Machinjiri, mankhwala m'chipatala: zonsezi ndi ndale, ndipo bungwe lokana kuzilankhula lataya ntchito yake. Koma kulankhula ndale ndi kwina, kuvala nsalu ya chipani ndi kwinanso. Kale mtsogoleri ankamuopseza ndi ndende. M'nthaŵi ya zipani zambiri chiyeso chake ndi mpando, ulendo wakunja ndi alawansi. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palinso ntchito ina yaikulu. Anthu ambiri a ku Bangwe, Chilomoni ndi Ndirande sagwira m'fakitale. Ndi mavenda, akabaza, alonda ndi antchito a m'nyumba, ndipo ambiri alibe kalata yowalemba ntchito. Mtsogoleri woiŵala ameneŵa akuimira ochepa.

Inu amene muli mamembala, funsani mafunso atatu pa msonkhano wanu wotsatira. Kodi chisankho cha atsogoleri chinachitika liti? Ndalama zimene timasonkha mwezi ndi mwezi zagwira ntchito yanji? Nanga pokambirana ndi mabwana, anagwirizana zotani m'dzina lathu? Mtsogoleri woona sadzakwiya nawo mafunso ameneŵa, pakuti mpando wake ndi wanu.