Anthu Ooneka Ngati Mitengo: Mau Olankhulidwa pa Chikondwerero cha Zaka 100

Marko Woyera, pa mutu 8, asimba za munthu wakhungu wa ku Betsaida. Ambuye Yezu atamsanjika manja koyamba, maso ake adatseguka ndithu, koma anthu ankamuonekera ngati mitengo yoyendayenda. Padafunika kumkhudza kachiwiri. Chozizwitsa chimenechi chisiyana ndi zinzake pakuti chidachitika pang'onopang'ono, monga momwe yakhala ikuyendera mbiri ya Eklezia kuno kummwera kwa Niassa.

M'chaka cha 1926, chomwe adamwalira Joseph Allamano Woyera, amene adayambitsa chipani cha Consolata, Bambo Pietro Calandri adafika ku Mandimba. Mu 1928 adakhazika mishoni ku Massangulo, m'dera la Ngauma, pakati pa Ayao amene ambiri mwa iwo adali Asilamu kale. Kodi eni dziko ndi alendowo adaonana bwanji? Mwini mudzi adaona mzungu, ndipo mzungu masiku amenewo ankakumbutsa msonkho ndi ntchito yokakamiza. Mlendo naye sakadalephera kuona khamu loti litembenuzidwe, asanadziwe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Onse maso adali nawo, koma diso la munthu limayamba laona zimene mtima ukuopa kapena kulakalaka.

Ayao obatizidwa adali ochepa, ndipo wongoyang'ana m'kaundula wa ubatizo akadati ntchito yalephereka. Koma ana a Asilamu adaphunzira pa sukulu ya mishoni, odwala adalandira mankhwala, ndipo wansembe ndi shehe adafika podziwana maina ndi kupatsana moni. Zimenezi kaundula salemba.

Khungu lenileni lidadza pambuyo pake. Mu 1975 boma lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, kenaka kudabuka nkhondo yapachiweniweni. Pamenepo munthu adasandukadi mtengo m'maso mwa mnzake, mtengo woti ulambalalidwe kapena udulidwe. Wochokera kutchire ankayesedwa kazitape, wochokera ku Cuamba chimodzimodzi. Mwana wa mlongo wako ukamuona patali, unkayamba wafunsa mumtima kuti ali mbali iti. Ambiri adaoloka malire pa Chiponde kuthawira ku Malawi, kumene adalembedwa m'mabuku ngati mitu yolandira ufa.

Komabe m'zaka zomwezo mudaoneka china. Msonkhano wa Eklezia wa ku Beira mu 1977 udalimbikitsa timagulu ta Akhristu m'midzi, ndipo kumene wansembe sankatha kufika, akatekisiti ndi amayi osatchuka adatsogolera mapemphero, nabatiza makanda, naika maliro. Anthu amene kale ankangoonedwa ngati odzaza mabenchi ndiwo adasunga chikhulupiriro. Mzimu Woyera adali mwa iwo kuyambira tsiku la ubatizo wawo. Eklezia ndiye adachedwa kupenya.

Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma pepala silichiritsa maso. Alipo mpaka lero akuluakulu amene amagwada pa benchi limodzi ndi munthu amene akumudziwa bwino zimene adachita nthawi ya nkhondo. Ikafika mphindi yopatsana mtendere pa Misa, ena amatambasula dzanja nkhope itayang'ana kumbali. Ena adayamba kale kudzutsa mutu ndi kumtchula mnzawoyo dzina.