Hema wa Mphunzitsi pa Msasa wa Ana

Mphunzitsi wopita ndi ana a ku Garden, Lusaka, ku msasa wa kuthengo asamange hema wace patali. Pa cisumbu ca Brownsea mu 1907, Baden-Powell anagawa anyamata 20 m'magulu anai, nakhala nao komweko. Aphunzitsi acite cimodzimodzi: amuna agone pafupi ndi anyamata, akazi pafupi ndi atsikana, ndipo onse adye za mu nkhali imodzi.

Asanakhome cikhomo, ayambe akumba cimbudzi kumunsi, kutali ndi madzi akumwa. Pakuti makolo a ku Garden sanaiwale kolera amene anacedwetsa kutsegulira masukulu mu January 2024.

Mwana akadwala usiku athamangira hema wapafupi. Mphunzitsi wogona patali adzamva kutaca. Nanga kwa makolo adzayankha ciani?