KHANSA IONEKE ISANAKULE

 Mlimi adziwa kuti muzu wa kapinga ukatsala m'munda wa fodya uphukanso. Khansa iri chimodzimodzi: dotolo ayenera kuichotsa yonse, koma malire ake sapenyeka bwino.

Chiyambire 2007, ku Ulaya wodwala chotupa cha muubongo amayamba wamwa mankhwala otchedwa 5-ALA. Pomng'amba, dotolo aunika ndi nyali yabuluu, ndipo chotupacho chiwala mofiirira, iye nadziwa podula.

Kwathu kuno anamwino apaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo odwala ayera. Tsono amayi, musadikire ululu. Pitani ku chipatala cha Boma ku Kasungu akakupimeni. Abambo, musawaletse chifukwa cha fodya wosathyola. Aperekezeni. Tsalani bwino.