MAU A MLEMBI PA MSONKHANO WOKUMBUKIRA ABALE ATHU AMENE ANATSOGOLA

Wapampando, Mafumu athu olemekezeka, a Nyakwawa, abambo ndi amai a m'bungwe lino: ndipempha ulemu wanu kuti ndilankhule pang'ono maina asanawerengedwe.

Ndi mwambo wathu kuti kamodzi pa caka, titatha kukolola, tisonkhane kukumbukira ziwalo za bungwe lino zimene zinatisiya. Lero mipando itatu iri yopanda eni ace. Wina anali msungi wa cuma cathu zaka zambiri, ndipo mukumbukira nonse kuti sanalola ndi tambala lomwe kuturuka m'thumba popanda mboni ziwiri. Tinkam'ng'ung'udzira kuseri, ndi kunena kuti mkuluyu ngwouma manja. Koma pamene mlatho wa pa dambo unakokoloka ndi madzi, ana nalephera kuoloka kunka kusukulu, ndalama za matabwa ndi misomali zinapezeka zonse, osasowa kanthu. Wina anali mai uja wopereka ufa ndi nkhuni kwa odikira matenda kucipatala, osafunsa kuti acokera mudzi uti. Wacitatu sindikumbukira kuti anaimirira kulankhula m'msonkhano ngakhale kamodzi. Koma akafa mlendo wopanda mbale, ndiye anali woyamba kufika kumanda ndi khasu.

Awa tiwadziwa cifukwa tinadya nao pamodzi. Koma alipo ena amene sitidzawachula lero, ndipo mlandu wace ngwanga. Buku loyamba la bungwe lino ndinalilandira kwa mlembi amene ndinalowa m'malo mwace, ndipo ndinaliika m'bokosi la matabwa pansi, m'cipinda cimene sindilowamo kawirikawiri. Cakudza siciyimba ng'oma: pamene ndinalitsegula mwezi wathawu kuti ndikonze maina a lero, ndinapeza ciswe citadya masamba 20 oyamba, ndiwo masamba amene munali maina a oyambitsa bungwe ndi zimene anapangana. Wapampando adzawerenga maina 31, koma akulu andiuza kuti omwalira athu aposa pamenepo. Ndipepesa pamaso pa Mafumu, ndi pamaso pa ana a iwo amene maina ao ndawataya.

Cisoni cimeneci cinandikumbutsa mabungwe a makolo athu m'masiku a Nyasaland, pakuti ndiwo anayamba njira imene tiyendamo ife. Loyamba linabadwa ku Karonga m'caka ca 1912, dzina lace North Nyasa Native Association, ndipo mwa oliyambitsa munali a Simon Muhango ndi a Levi Mumba. La West Nyasa linatsatira mu 1914, la Mombera mu 1920, la Cigawo ca Pakati ku Lilongwe mu 1927, ndi la ku Chiradzulu mu 1929. Ziwalo zace zinali aphunzitsi, akalaliki, abusa ndi mafumu ena. Analibe mphamvu yolamula kanthu. Macitidwe ao anali kusonkhana ndi kupangana, mlembi nalemba zonse, kalata nipita kwa Bwana wa Boma kuti aifikitse kwa Bwanamkubwa ku Zomba. Kawirikawiri yankho linacedwa, ndipo likafika linali lokana. Iwo anasonkhananso, nalembanso.

Anapempha ciani? A ku Lilongwe anadandaula za mtengo wa fodya wa alimi a m'midzi, pakuti kuyambira 1926 malonda ace anali pansi pa Native Tobacco Board. A kumwera analira za thangata pa minda ya Azungu. A ku Mombera analimbika kuti Boma libvomereze ufumu waukuru wa M'mbelwa. Ndipo ici ndicinena dala pamaso panu, Mafumu, cifukwa alipo anthu amene amati bungwe ndi mfumu ndi atambala awiri m'khola limodzi. Sizinali tero kwa akulu aja. Koma cinthu cimene onse anacipempha, kumpoto ndi kumwera komwe, cinali maphunziro.

Pano ndifuna kuima pa dzina la a Levi Mumba, popeza iwonso anali mlembi monga ine, ngakhale sindiyenera kuyerekezedwa nao. Anaphunzira ku Livingstonia, nakhala mlembi wa bungwe la ku Karonga, ndipo pambuyo pace anagwira nchito ya Boma ku Zomba. Pamene nthumwi za Phelps-Stokes zinafika m'dziko muno mu 1924 kudzaona za sukulu, iwo anazilembera kalata yopempha kuti Boma ligwire nchito ya maphunziro, lisaisiyire mamishoni okha. Mu 1926 Boma linatsegula ofesi yace ya maphunziro. Mu 1933 a Mumba anaikidwa m'komiti yolangiza Boma pa za maphunziro, Mwafrika woyamba kukhalamo. Sukulu ya sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, patapita zaka 28 cibadwire bungwe lao. Werengani zakazo, inu amene mumatopa pempho lathu la mjigo likatha miyezi isanu osayankhidwa.

M'mwezi wa October 1944 mabungwe aja anakomana ku Blantyre napanga Nyasaland African Congress, nasankha a Mumba kukhala mtsogoleri woyamba. Mpandowo anaukhalira miyezi itatu yokha, pakuti anamwalira mu January 1945. Cimene iwo ndi anzao anacipempha zaka zambiri, ndico cakuti Aafrika adzilankhulire okha m'Bwalo la Malamulo m'malo mwa kulankhuliridwa ndi mmishonale, cinacitika mu 1949, mwini wace ali m'manda zaka zinai.

Mnzao a James Sangala, amene anathamanga kwambiri kusonkhanitsa mabungwewo, anakhala ndi moyo kufikira 1974, ndipo nkhope yao inaikidwa pa ndalama ya K100. Koma anthu ambirimbiri amene anayenda pansi masiku awiri kudza ku misonkhano ija alibe ndalama, alibe mseu wochedwa dzina lao. Nanga tiwadziwa bwanji? Tiwadziwa cifukwa alembi ao analemba, ndipo zolembazo zambiri zinasungidwa m'nyumba yosungira zolemba zakale ku Zomba. Kalata imene Bwana anaikana inalowa m'faelo, nisunga dzina la wopemphayo kufikira lero. Ndipo musaganize kuti pepala liri ndi mdani m'mudzi mokha: mu 1919 moto unatentha ofesi yaikuru ya Boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyamba zinapsera momwemo. Sindinena ici kuti ndicepetse mlandu wanga, iai; moto uja unali ngozi, koma ciswe canga cinali ulesi.

Cinanso cimene ndiona m'mbiri ya akulu aja ndi cakuti siinalembe zokoma zokha. Anakangana, ena anacoka, ena anabwerera. Mu 1950 Congress inacotsa mtsogoleri wace pa mkangano wa ndalama za bungwe, ndipo ici naco cinalembedwa. Ife pa maliro timanena zabwino zokha, ndipo nkoyenera, pakuti mitima iri yowawa. Koma buku si maliro. Ngati bungwe lino linagawikana nthawi ina, monga ndimva kuti linatero pa nkhani ya cigayo, tilembe kuti linagawikana, ndi kuti ndani analiyanjanitsa, kuti ana athu akadzafika pa mkangano wao adziwe kuti si oyamba.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndipempha Mfumu iri yonse ndi Nyakwawa ali yense kuti aitane okalamba a m'mudzi mwace, makamaka amai amasiye, pakuti iwo akumbukira zimene amuna aiwala, ndipo awafunse maina a onse amene anali ziwalo za bungwe lino namwalira: dzina, mfunda, mudzi, nchito imene anagwira m'bungwe, ndi caka ca imfa cikadziwika. Cikapanda kudziwika, anene kuti cinali caka ca njala iti kapena ca mfumu iti, ife tidzawerengera. Mainawa afike kwa ine msonkhano wa mwezi wa mawa usanacitike. Ici cisacedwe: mwa okalamba anai amene anaona bungwe likuyamba, awiri sathanso kuyenda kufika pano.

Buku latsopano ndidzagula ndi ndalama zanga, osati za thumba. Ndipempha kuti alembedwe mabuku awiri ofanana, lina likhale kwa Mlembi, lina kwa Mfumu yaikuru, ndipo onse akhale m'mabokosi acitsulo, pamwamba, ndi kutsegulidwa pamaso pa anthu pa msonkhano uno caka ndi caka.

Ndikumbutsenso komiti kuti denga la mai wamasiye wa msungi wa cuma wathu lidontha, ndipo tinalonjeza pa maliro kuti tidzafolera mvula isanagwe. Udzu ulipo kale. Asowa anthu asanu ndi mmodzi ndi tsiku.

Wapampando, ndatha. Maina 31 ali m'manja mwanu. Ndipempha kuti mutawerenga lotsiriza tisakhale pansi msanga, tiimebe kanthawi cifukwa ca iwo a m'masamba aja.