Mwana wa Zaka 14 ndi Chigubu cha Mapuloteni: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Masewero



Mlendo wanu waitanidwa kudzapereka zikho ndi mamendulo, ndipo apereka. Koma poti dzuwa likadalipo, wati ayambe wakamba za chigubu china chimene anyamata ambiri a m'tauni ayamba kuchisirira. Ndi chigubu chachikulu ndithu, chakuda kapena chofiira, chojambulidwa munthu wa chifuwa chotambalala, m'kati mwake muli ufa wonunkhira chokoleti kapena vanila. Chimagulitsidwa m'mafamase, m'masitolo akuluakulu, m'majimu, ngakhale pa WhatsApp. Mnyamata wa Fomu 1 amene madzulo amanyamula zitini za simenti zolumikiza ndi chitsulo kuseri kwa nyumba akachiona, amakhulupirira kuti chimene chikumuchedwetsa ndi chimenecho. Ndiye funso limafika kwa makolo: kodi mwana wa zaka 13, 14 kapena 15 amugulire?

Yankho ndi loti ayi, pokhapokha atalamula ndi a chipatala. Zifukwa zake ndi izi.

Ufa umenewu si mankhwala amatsenga. Wofala kwambiri, wotchedwa whey, umachokera ku madzi amene amatsala mkaka ukaundana popanga tchizi. Amawasefa, n'kuwaumitsa, n'kuthiramo zotsekemera ndi zonunkhiritsa. Wina amapanga kuchokera ku soya, nsawawa kapena mpunga. Kasupuni kamodzi kamene amaika m'chigubumo kamapereka magalamu pakati pa 20 ndi 30 a mapuloteni. Basi. Ndi chakudya chomanga thupi chimene achichotsa m'chakudya chenicheni, n'kuchikweza mtengo.

Tsono mwana amafunika zochuluka bwanji? Akatswiri a za kadyedwe a ku America anaika mlingo wa magalamu 34 patsiku kwa mwana wa zaka 9 mpaka 13. Kuyambira zaka 14 mpaka 18, mnyamata amafunika magalamu 52, mtsikana 46. Amene amachita masewero olimba tsiku ndi tsiku amafunika kuposerapo, mwina kufika pa 70 kapena 80 ngati akulemera makilogalamu 50. Manambala amenewa amamveka aakulu mpaka munthu atayamba kuwerenga zimene zili m'khitchini. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Mtedza wolemera magalamu 100 uli ndi 25, soya wouma woposa 35, ndipo usipa wouma, woposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni okhaokha. Mnyamata amene m'mawa wamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masana wadya nsima ya nyemba, popita ku bwalo wadya dzira lowiritsa, madzulo wadya nsima ya usipa ndi chisoso chotendera, wadutsa kale pa 52 paja osadziwa n'komwe. Akawonjezapo kapu ya mkaka ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja, wafika pa mlingo wa wosewera mpira. Nsimayo nayo simangodzaza m'mimba: chimanga chili ndi mapuloteni ake, ngakhale ndi operewera tizigawo tina, ndipo nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ndi zimene zimakwaniritsa zoperewera zimenezo. Ndiwo za nyemba pa nsima sizinangochitika mwangozi.

Ndipo dzira ndi usipa zimabwera ndi zinzake zimene chigubu chilibe. Usipa wodyedwa ndi minga yomwe umapereka kashiamu wolimbitsa mafupa. Nyemba ndi masamba zimapereka ayironi, amene mtsikana woti wayamba kusamba amamufuna kwambiri kuposa ufa uliwonse. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo sanathe ntchito mwana atasiya kuyamwa.

Pali kafukufuku wina wosangalatsa amene anasindikizidwa mu 2004. Akatswiri anakhala sabata yathunthu akuyeza chilichonse chimene othamanga 10 otchuka a ku Kenya ankadya pa kampu yawo m'dera la Rift Valley. Anapeza kuti magawo oposa 76 pa 100 aliwonse a mphamvu zawo ankachokera ku zakudya zokhutitsa monga ugali, imene ndi nsima yomweyi, buledi, mpunga, mbatata ndi shuga wa mu tiyi. Mapuloteni ankangopereka magawo 10, kuchokera ku mkaka, nyemba ndi nyama pang'ono. Wina anena kuti othamanga mtunda wautali ndi anthu owonda, pamene iye akufuna mikono. Chabwino. Koma nayonso mikono simabwera m'njira imene otsatsa malonda amanenera.

Minofu imakula thupi likagwira ntchito yolemetsa, kenako n'kupuma. Kwa mnyamata, chimene chimatsegula njira yoti minofu ikule kwambiri ndi mahomoni a testosterone, amene amachuluka akamatha msinkhu. Mwana amene sanafike pamenepo akamachita masewero olimbitsa thupi amawonjezera mphamvu ndithu, koma makamaka chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamulira bwino minofu imene ali nayo kale. Maonekedwe sasintha kwenikweni. Anyamata awiri a kalasi limodzi, obadwa chaka chimodzi, amatha kusiyana ndi zaka ziwiri kapena zitatu pa nthawi yotha msinkhu: wina ndevu zamera, mawu asintha, mnzake akadali ngati wa Sitandade 7. Wachiwiriyu ndi amene amavutika mumtima, ndipo ndi amene wogulitsa amamupeza mosavuta. Ngakhale atamwa masupuni atatu patsiku, thupi lake silifulumira. Mapuloteni otsala thupi limawagwiritsa ntchito ngati mphamvu wamba kapena kuwasandutsa mafuta, ndipo zinyalala zake impso zimatulutsa mu mkodzo. Kunena mosabisa, ndalama ya makolo imathera kuchimbudzi.

Pamenepa mlendo wanu sakufuna kuopseza anthu ndi zabodza. Ufa wa mapuloteni weniweni, wosasakaniza ndi china, si poizoni, ndipo mwana wa impso zabwinobwino sangagwe pansi chifukwa cha kapu imodzi. Ambiri amangodandaula kutupa m'mimba, mpweya ndi kutsegula, poti anthu ochuluka a kuno kwathu matupi awo sagaya bwino shuga wa mu mkaka akakula. Ena amatuluka ziphuphu. Vuto lalikulu lili pena: palibe kholo, mphunzitsi kapena kochi amene angaone ndi maso kuti ufa uli m'chigubumo ndi womwe walembedwa kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zambiri mwa zigubu zimenezi zimapangidwa kunja. Ku America, kumene kuli msika waukulu wa malonda amenewa, lamulo la mu 1994 limalola kampani kuyamba kugulitsa zakudya zowonjezera popanda kudikira kuti bungwe la boma la FDA liziyeze ndi kuzivomereza, monga limachitira ndi mankhwala. Boma limalowererapo zinthu zitalakwika kale. Mu 2010 bungwe loteteza ogula la Consumer Reports linayeza mitundu 15 ya zakumwa ndi ufa wa mapuloteni, n'kupezamo zitsulo zoopsa monga arsenic, cadmium ndi mtovu. Mitundu itatu inali nazo zopitirira mlingo kwa munthu womwa katatu patsiku. Mu 2018 bungwe lina, la Clean Label Project, linayeza mitundu 134, n'kupezanso mtovu mu yambiri, makamaka yopangidwa kuchokera ku mbewu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wabwino m'magazi, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa mwana. Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi likudwalitsabe ana, safunika kuuzidwa zimenezi.

Palinso chinyengo chochita kufuna. Njira yodziwika yoyezera mapuloteni m'chakudya imangowerenga kuchuluka kwa nayitrojeni, ndiye wakuba amathiramo chinthu china chotsika mtengo chokhala ndi nayitrojeni wambiri kuti makina anamizike. Ndi mmene zinachitikira ku China mu 2008, pamene mkaka wa makanda unasakanizidwa ndi melamine: ana pafupifupi 300,000 anadwala, 6 anamwalira.

Kwa mwana amene akulota zodzavala yunifolomu ya Flames, Scorchers kapena Queens, nkhani yotsatirayi ndi yake. Komiti ya masewero a Olympics inalipira akatswiri a mumzinda wa Cologne ku Germany kuti agule zakudya zowonjezera za ochita masewero m'mayiko 13. Pa mitundu 634 imene anayeza, 94 inali ndi mankhwala a gulu la masiteroyidi amene sanalembedwe pa chigubu, kutanthauza pafupifupi chigubu chimodzi pa zisanu ndi ziwiri zilizonse. Malamulo a bungwe la WADA, loletsa mankhwala owonjezera mphamvu pa masewero, salabadira zoti munthu sanadziwe. Chikapezeka mu mkodzo, mlandu ndi wa mwini mkodzoyo. Ndipo kwa mwana amene akukula, chiletso cha masewero ndi chaching'ono: masiteroyidi amatha kutseka msanga malo amene mafupa amatalikira, mwana n'kukhala wamfupi kuposa mmene akanakhalira, osawerengera chiwindi ndi mtima.

Madokotala a ana a ku America, kudzera m'bungwe lawo la American Academy of Pediatrics, salimbikitsa kuti ana azimwa zowonjezera mphamvu pa masewero, ndipo za zakumwa zija za kafeini wambiri ananena kale mu 2011 kuti si za ana. Chigawo cha New York chinafika poika lamulo, loyamba kugwira ntchito mu 2024, loletsa kugulitsa kwa ana osafika zaka 18 mankhwala ochepetsa thupi ndi okulitsa minofu. Ufa wa mapuloteni wosasakaniza analola, koma wothiramo zina anauika m'gulu loletsedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani ana akuufunabe? Kafukufuku wa mu 2012 pa ana a sukulu 2,793 a ku Minneapolis ndi St. Paul anapeza kuti mnyamata mmodzi mwa atatu aliwonse anali atamwako ufa kapena zakumwa za mapuloteni pofuna minofu, ndipo pafupifupi 6 pa 100 aliwonse anali atalawako masiteroyidi. Nthawi imeneyo TikTok kunalibe. Lero mwana wa ku Ndirande kapena ku Area 25 akuona pa foni matupi omwewo amene akuona mwana wa ku London, ojambulidwa pa kuwala kosankha bwino, munthu atapuma mokoka mimba. Ambiri mwa oonetsa matupiwo amalipidwa ndi makampani a zigubu. Brian Johnson wa ku America, wodziwika ndi dzina loti Liver King, anatchuka pouza anthu mamiliyoni kuti thupi lake linabwera chifukwa chodya chiwindi chachiwisi, uku akugulitsa makapisozi ake. Mu Disembala 2022 anavomera poyera kuti ankagwiritsa ntchito masiteroyidi. Ana angati anadzida pa galasi chifukwa cha bodza limenelo?

Apa aphunzitsi ndi makolo atchere khutu. Mnyamata amene amangodziyeza mikono, amene akukana nsima ati ionjezera mimba, amene akudumpha chakudya cha banja n'kumakhutchumula botolo kuchipinda, sakusowa mapuloteni. Akusowa munthu wamkulu woti acheze naye. Vuto la kudana ndi maonekedwe a thupi anthu amaliyesa la atsikana okha, pamene anyamata ali nalonso, amangolibisa ndi zitsulo.

Sizikutanthauza kuti zakudya zowonjezera zilibe malo. Dziko lino limadziwa bwino ntchito ya chiponde, chimene chapulumutsa ana ambiri onyentchera, ndi ya phala la Likuni m'masukulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Kuperewera kwa chakudya kulipo, ndipo ena mwa ana athamanga pano lero afika osadya kanthu. Mwana wotero, kapena wodwala, kapena woti pali zakudya zimene thupi lake limakana, a chipatala ndi amene amamuyeza n'kunena chomupatsa, mlingo wake, ndi tsiku losiya. Wogulitsa pa jimu sayeza munthu. Amayeza thumba.

Zitsulo zokha si zoletsedwa. Mwana wa msinkhu umenewu angathe kuzinyamula bwinobwino ngati pali wamkulu wodziwa amene akumuyang'anira, kuyamba ndi zopepuka, kuphunzira kaimidwe, osapikisana ndi anzake kuti aone wonyamula cholemera kwambiri. WHO imalimbikitsa ola limodzi la masewero tsiku lililonse kwa ana a zaka 5 mpaka 17. Akatswiri a za tulo amati wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo mahomoni okulitsa thupi amatuluka kwambiri munthu ali m'tulo tofa nato. Mnyamata wogona 1 koloko usiku foni ili m'manja akudzilanda yekha chimene akufuna kugula m'chigubu.

Choncho aphunzitsi a masewero ndi makochi, musalole munthu aliyense kugulitsa kapena kugawa ufa ndi makapisozi kwa ana a pasukulu pano, ngakhale atabwera ndi mayunifolomu aulere. A komiti, lembani zimenezi m'malamulo a sukulu. Bambo ndi mayi, mwana akapempha ndalama ya chigubu, musamukalipire. Mufunseni chimene akufuna kusintha pa thupi lake ndi amene anamuuza, kenako ndalamayo kaguleni mazira, usipa ndi mtedza wabwino wopanda chuku. Ngati mukukayikira kakulidwe kake, pitani naye kuchipatala akamuyeze. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, amene ali nacho kale chigubucho kunyumba kapena ku hositelo, akachionetse kwa kholo kapena mphunzitsi sabata ino, asanamwenso.