Tisunge Madambo Athu

Pa cilala ca 1992 ndi ca 2024, cimanga citauma m'minda, ambiri tinathawira ku madimba. Kodi madzi a ku dimba acokera kuti? Dambo limamwa mvula ya dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'cilimwe, kudyetsa zitsime zathu ndi mitsinje yothira mu Luangwa. Tikatentha bango ndi kulima mpaka m'gombe, nthaka ikokoloka, zitsime ziphwa, ndipo milamba, acule ndi mbalame zisowa pokhala.

Tsono tisiye udzu ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje. Tisaphe nsomba ndi maneti a udzudzu, pakuti akokolola ndi tiana tomwe. Khalani pansi ndi anyakwawa, mupangane malire a polima. Dambo likafa, cilala cikadzabweranso tidzathawira kuti?